Mpando wa Malemu a Belu

Bwalo lija linkadontha malo khumi ndi awiri, koma ndowa zinalipo khumi ndi imodzi. Pamalo potsalapo a Mizere ankaikapo chitini chakutha cha penti. Mvula ikayamba munkangomva ngati bandi ikuyesa zida, ndowa iyi to, iyo ti, chitini chija nde nde nde. Ambiri amene ankaseka phokoso limenelo anatsogola kale. Tatsala ochepa oti tikati "ku Bwalo" tizimvana kumene tikunena.

A Mizere dzinali analitengera ku ntchito. Zaka makumi atatu ndi zinayi akujambula mizere pansi pa bwalo lija, yoyera ya netibo, yofiira ya basiketibo, yachikasu ya volebo. Kukakhala nkhonya ndiwo ankamanga zingwe. Kukabwera oyimba ankayala masaka kuti nsapato za ovina zisadye mizere yawo, koma zinkadyabe, Lolemba n'kugwadanso ndi bulashi. Mawondo awo anathera pamenepo. Akazi awo anamwalira kalekale, ana anabalalika, iwo n'kutsala okha m'kachipinda ka kuseri kwa bwalo.

Ndiye panali mayi a Matikiti, amene ankakhala pa kawindo ka mawaya pakhomo lalikulu. Amuna awo anali a Belu, aja ankaliza belu pa nkhonya. Anamwalira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo.

Antchito a m'bwalo anali ndi kachitidwe kawo. Mnzawo akamwalira, mpando umene ankakonda kukhalapo sunkagulitsidwanso. Bwalo lidzaze bwanji, anthu aime m'makwerero, mpando umenewo unkakhala wopanda munthu. Tikiti yake wa pawindo ankaing'amba n'kuiponya m'chitini. Wa a Belu unali pamzere wachitatu, nambala 14, pafupi ndi nsanja ya oyimba. M'mawa uliwonse mayi a Matikiti ankayamba akaupukuta asanatsegule kawindo kawo.

A Mizere anali atawafunsira mayiwa zaka ziwiri zapitazo. Sanawakane, sanawalole. Anangoti, "Ndidzakuyankhani tsiku limene bwaloli lidzatsekedwe." Nthawi imeneyo zinkamveka ngati akuti mpaka kalekale. Koma chakudza sichiyimba ng'oma.

* * *

Lolemba lina a Mizere anafika pa kawindo ndi makapu awiri a tiyi, monga mwa masiku onse. Imodzi anailowetsa pa kabowo kopatsira matikiti.

"Masupuni angati a shuga?" mayi a Matikiti anafunsa osadzutsa mutu.

"Imodzi."

"Bodza. Nkhope yanuyo ndi ya masupuni atatu."

"Imwani, mayi. Adokotala sali pano."

"Mwana wanga ndi nesi, a Mizere. Shuga amamununkhiza ngati nyerere." Anamwa pang'ono. "Kalata ya abwana mwaiona?"

"Ine ndaiona. Maso anga ndi amene sanaione bwino. Ikuti chiyani?"

"Ikuti akuluakulu sakugwirizanabe. Ena akuti aligwetse amangepo masitolo ndi poimika magalimoto. Ena akuti alikonze, aike denga latsopano ndi mipando ya pulasitiki."

"Nanga ife?"

"Ife sanatilembemo. Kaya agwetsa kaya akonza, ikatha konsati ya kumapeto kwa mwezi uno, aikapo loko."

A Mizere anayamba ntchito m'bwalo lija tsitsi lili bii. Anaonamo anthu akukomoka ndi chibakera, akwati akuvina, makwaya akulira, anthu othawa madzi akugona m'makwerero. Zonsezo akuluakulu anazipinda m'kalata ya tsamba limodzi.

"Ndiye kuti yankho langa latsala ndi masabata atatu," anatero.

"Mukuwerenga masiku ngati wandende."

"Zaka ziwiri, mayi. Ngakhale penti ya mafuta nthawi ya mvula imauma msanga kuposa pamenepa."

Mayi a Matikiti anaseka atagwira pakamwa, n'kuloza chipepala chatsopano pakhoma. "Taonani amene akubwera kudzatseka bwalo. Kanjiwa! Ine ndimayesa anasiya kuyimba. Malemu anga ankamukonda bwanji mayi ameneyu, mawu ake. Konsati yake sankaphonya ngakhale akudwala. Iwo pampando wawo uja maso tong'o, ine pano ndikung'amba matikiti, nyimbo ndikungoimvera pakhoma."

Pomwepo anatulukira a Chibakera, mlonda wa pageti, atanyamula malalanje atatu. Kale anali wankhonya, mphuno inatsala yophwanyika, khutu limodzi ngati bowa. Nawonso ankazungulira pa kawindo paja, ndipo sankabisa.

"Mayi, dzuwa la lero likuwala pa inu nokha."

"A Chibakera, kunja kuli mitambo."

"N'chifukwa chake ndati pa inu nokha." Anaika malalanje pa kabowo n'kutembenuka. "Mizere, ukadali pano? Mabulashi akuuma uko."

"Raundi yachiwiri, a Chibakera," a Mizere anatero mofatsa. "Mukukumbukira? Munagona chagada maso ali tuzu. Wokolopa ndinali ine."

"Ndinaterereka pa penti yako!"

"M'kati mwa zingwe sindinkapentamo."

"Tachokani nonse," anatero mayi a Matikiti. "Madala awiri kukangana pawindo ngati atambala ososoka nthenga. Anthu ayesa ndikugulitsa matikiti a nkhonya."

* * *

Lachitatu linali tsiku limene mayi a Matikiti ankapita kuchipatala kukayezetsa magazi, ndiye sankabwera. Tsiku limenelo abwana a bwalo anaitana a Mizere. Anali mnyamata wa tayi, wongobwera chaka chatha.

"Madala, mizere itatu ya kufupi ndi nsanja ichoka. Oyeza simenti akufuna aone ming'alu. Mawa m'mawa kubwera lole ya ogula zitsulo zakutha, azula okha."

"Bwana, pamenepo pali mpando wa malemu."

"Malemu sakhala pampando, madala."

A Mizere anatulutsa kafoni kawo, n'kukabwezanso m'thumba. Akawaimbira, mayi aja athamanga kuchokera kuchipatala magazi ali pamwamba. Ndiye maganizo ena anawabwerera, okoma, oti anawasangalatsa ngati mwana. Auzule okha mpandowo, auchotse dzimbiri, akawapatse kunyumba. Asanene zambiri. Mayi aja aone okha kuti kwa a Mizere, a Belu nawo malo awo alipo.

Mabawuti anali atadyana ndi simenti. Anathira mafuta, anadikira, anagwada ndi sipanala mawondo akulira. Dzuwa likupendeka ndi pamene bawuti yachinayi inalola. Anausenza mpando uja mpaka ku chipinda cha penti, n'kuugadabuza patebulo kuti apale dzimbiri la miyendo.

Pansi pa thabwa lokhalira panali polemba. Sikunali kukanda kwa ana ayi. Panali posema bwino ndi mpeni, mwa munthu amene anali ndi nthawi. Mtima, ndipo m'kati mwake: BELU NDI KANJIWA. M'munsi mwake: CHAKA CHA MADZI.

A Mizere anakhala pa chitini.

Chaka cha madzi ankachikumbukira. Mtsinje unalowa m'bwalo mpaka mzere wachisanu. Mipando yonse anaizula, inakhala padzuwa mwezi wathunthu. Bwalo lili mbee, bandi ya Kanjiwa inkabwera masana aliwonse kudzayeserera, ndipo amene anadzipereka kusunga makiyi anali a Belu. "Pitani mukapume anzanga, nditseka ndine." Anthu ankawayamikira kuti ndi akhama. Atabwezeretsa mipando, thabwa lija linayang'ana simenti, patali ngati chikhatho, ndipo palibe anaonanso pansi pake.

Zaka ziwiri a Mizere ankapikisana ndi munthu wakufa. Wamoyo ungathe kumuposa, amatsokomola, amaiwala, amanunkha thukuta. Wakufa salakwa. "Malemu anga sankachedwa." "Malemu anga tiyi ankaika mkaka poyamba." Tsono lero malemu aja anali patebulo, miyendo m'mwamba. Kungounyamula mmene ulilimu, kukauika pakhomo pa mayi aja chogadabuza, osanena kanthu. Nkhondo yatha.

Anakhala pamenepo mpaka nkhunda za m'denga zinayamba kubwerera. Chimene chinkawabwerera m'maso ndi dzanja la mayi aja likuloza chipepala. Ine pano ndikung'amba matikiti, nyimbo ndikungoimvera pakhoma.

"A Belu," anatero mokweza, "mwandipatsa ntchito muli kumanda."

Anatsegula chitini cha phula lomatira ming'alu ya matabwa, n'kuyamba kudzaza zilembo zija chimodzichimodzi. Koma wopenta aliyense amadziwa, ukamata malo amodzi n'kupenta pomwepo pokha, diso limathamangira pomwepo. Ndiye uyenera kupenta chinthu chonse. Anautembenuza. Pa thabwa lotsamira panali timizere tosema, tondondozana, ngati tija amakanda anyamata ndi msomali masewero akamatopetsa. Timizere totere a Mizere anali atamata tambirimbiri pa moyo wawo. Anatidzaza ndi phula osawerenga n'komwe, anasalaza, n'kutenga penti yobiriwira, yolimba ija ya m'mbali mwa bwalo.

Penti yoyamba sibisa. Phula linkaonekerabe, mtima uja uli mbuu pansi pa zobiriwira. Pankafunika katatu, ndipo iliyonse imafuna tsiku lake kuti iume.

* * *

Lachinayi m'mawa mayi a Matikiti analowa ndi kansalu kawo kopukutira. Anapeza anyamata a lole atazula kale mizere iwiri, wachitatu akuumaliza. Pamalo pa nambala 14 panali mabowo anayi.

Anathamangira ku lole, mayi wamkulu, nsapato imodzi itavuka. Anawauza anyamata aja atsitse mipando yonse. Anatsitsa akudandaula. Panali 13, panali 15, koma 14 panalibe.

"Musavutike, mayi," anatero a Chibakera atatsamira geti. "Ine ndinaona ndi maso angawa. Mizere anausenza dzulo madzulo, yekha, lole isanabwere. Mpando umodzi wokha m'bwalo lonseli. Ndinadabwa. Ndinati kodi nsanje imafika mpaka pa matabwa?"

A Mizere anamva kugogoda ali pakati pa penti yachiwiri. Anaponya saka pamwamba pa miyendo ya mpando, anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo.

"Uli kuti?"

"Uli bwino, mayi. Ndinaupulumutsa kwa a lole."

"Ndiuone."

"Panopa ayi."

"Mwati?"

"Ndipatseni masiku atatu. Lamlungu ndibweretsa kwanu."

"A Mizere, chokani pakhomopo."

Sanachoke. Anaima manja ali obiriwira, msana pachitseko, ngati wakuba amene wapezeka ndi nkhuku m'malaya. Mayi aja sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Bwalo lonseli, abwana atatu osiyana, palibe anaukhudza. Wokhudza mukhale inu."

Awiriwa ankalemberana kumbuyo kwa matikiti ong'ambika. Chinali chizolowezi chawo, popeza mafoni ankati ndi a ana. Masana a Mizere anapeza kamodzi pansi pa chitseko.

*Munthu wakufa anakulakwirani chiyani?*

Anasaka pensulo yawo yolembera pa matabwa, n'kulemba kumbuyo kwa kena. Anafuta, analembanso.

*Sindinataye. Lamlungu. Ndikhulupirireni.*

Lachisanu m'mawa anakalowetsa pa kabowo pamodzi ndi tiyi. Pofika masana kapu inali pakhomo pa chipinda cha penti, tiyi ali momwemo, atazizira, ntchentche ikusambira. Pa kawindo panali makoko a malalanje.

* * *

Lachisanu lomwelo, dzuwa litapendeka, kunabwera mayi wachitsikana wovala zoyera za kuchipatala. Anawapeza a Mizere akukhuthula ndowa.

"Ndinu a Mizere?"

"Ndine, mwanangu."

"Mwana wanu si ine, bambo. Ine ndi mwana wa a Belu."

"Pepani. Khalani apa."

"Sindikhala. Dzulo amayi magazi anakwera moti ndinawagoneka ndi mapilo atatu. Sakudya. Mukudziwa zimenezo?"

"Sindimadziwa."

"Simungadziwe. Inu mumadziwa kuwathirira shuga m'tiyi." Anayang'ana denga, ndowa, makwerero ong'aluka. "Ndinene mosabisa, poti ndine wotopa, ndachokera kuntchito. Amayi ndi munthu wamkulu. Ali ndi zidzukulu. Za zibwenzi za m'matikitizi zikutichititsa manyazi. Ine ndinangokhala chete chifukwa ndinkati zitha zokha."

"Si chibwenzi, mayi. Ndinawafunsira ukwati."

"Ukwati! Bwaloli akutseka, kachipinda kanu kakupita nalo limodzi. Ndiye mwaona kuti kuli nyumba ya bambo anga, ya malata osadontha, kuli mayi woti azikuthowani mawondo. Mwayamba ndi mpando. Mawa muchotsa chithunzi chawo pakhoma."

A Mizere anaika ndowa pansi. Mawuwo analowa ngati msomali m'phazi. Za kachipinda zinali zoona, kankapitadi. Koma tiyi uja anayamba kumunyamula kalata isanalembedwe.

"Bambo anu ndinagwira nawo ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero.

"Ndiye mukudziwa kuti anali munthu wotani. Sanawalizepo amayi ngakhale tsiku limodzi. Inu zaka ziwiri zokha mwawaliza kale."

Mawu anafika pakhosi. Anali ochepa, atatu okha, omwe aja a m'kati mwa mtima wosema. A Mizere anawamva akukankha mano. Anayang'ana nkhope ya mwana uja, chipumi cha a Belu chenicheni, n'kumeza.

"Anali munthu wosunga nthawi," anatero. "Belu sankaliphonya."

"Lamlungu mpando ufike. Mukatero mutisiye."

* * *

Lamlungu masana a Mizere anavala jekete yawo ya maliro ndi maukwati, anakweza mpando pa wilibala, anaufunditsa nsalu yoyera. Penti yachitatu inali itauma gwa. Anaugadabuza kawiri pawindo kuti aone ndi kuwala. Pansi pake panali see, ngati sipanalembedwepo kanthu chilengedwere.

Ulendo unali wokwera. Anapuma katatu. Panjira mtima unayamba kupepuka. Ankati akauona mmene wakongolera, miyendo yopanda dzimbiri, nambala 14 yolembedwanso ndi penti yoyera, mayi aja aseka atagwira pakamwa, n'kunena kuti madala inu, bwanji osangonena.

Pakhonde anapeza anthu atatu. Mayi a Matikiti pampando wa nsungwi, nesi uja ataima pakhomo manja ali m'chiuno, ndi a Chibakera, atavala malaya ositidwa, kapu ya tiyi m'manja.

"Ndimangodutsa," anatero a Chibakera asanafunsidwe.

"Kwanu ndi kutsidya, a Chibakera. Mumadutsa mozungulira bwanji."

"Miyendo ndi yanga."

A Mizere anatsitsa mpando pakhonde n'kuchotsa nsalu. Unawala ndi dzuwa. Ngakhale nesi uja anatsitsa manja.

"Ndinamva Lachitatu kuti a lole akubwera," anatero a Mizere, chipewa chili m'manja. "Ndinati usapite ku zitsulo zakutha. Ndinati ukhale kwanu, muziupukuta kuno. Ndipo ngati tsiku lina mudzandilola, udzakhale pabalaza pathu. Ine sindilimbana ndi a Belu, mayi. Ndimafuna mudziwe zimenezo."

Mayi a Matikiti anadzuka pang'onopang'ono. Maso awo anafewa, a Mizere anaona. Anafika pa mpando, n'kuika dzanja pa thabwa lotsamira, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Zala zinayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Zinabwerera. Zinayendanso, mofulumira, ngati munthu wofufuza kiyi mumdima.

"Ili kuti?"

"Chiyani, mayi?"

"Mizere. Inali apa."

"Timing'alu tija? Ndinamata. Tinali tokanda ana."

Mayi aja anakhala pansi, pa simenti penipeni, mayi wamkulu wa zidzukulu.

"Amayi!" nesi anathamanga.

"Ndisiye." Sanalire. Ankalankhula akuyang'ana thabwa lobiriwira. "Chaka chilichonse, tsiku limene tinakwatirana, ankatenga mpeni n'kusemapo kamzere kamodzi. Analibe mawu okoma bambo ako, sankadziwa kugula maluwa. Ankangobwera pawindo n'kunena kuti, ndawonjezera. Makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Womaliza anasema dzanja likunjenjemera, unapita mokhota. Ine m'mawa uliwonse sindinkapita kukapukuta fumbi, a Mizere. Fumbi lili ndi ntchito yanji? Ndinkapita kukawerenga."

Chipewa chinagwa m'manja mwa a Mizere.

"Sindinkadziwa, mayi. Simunandiuzepo."

"Ndikanakuuzani chifukwa chiyani? Zinali zanga."

"Dzina lako ndi Mizere," anatero a Chibakera akupukusa mutu, "koma mizere ya anzako umafuta. Abale inu."

"Khalani chete inu!" A Mizere anali asanakwezepo mawu chotero. Anagwada, mawondo anaphulika ngati nkhuni. "Mayi, sinapite. Mpeni unalowa m'thabwa, phula langokhala pamwamba. Ndili ndi mankhwala ochotsera penti. Ndiubweze ku bwalo, masiku awiri, yonse ioneka, ndi wokhota womwe."

"Mpandowu suchokanso pano," anatero nesi.

"Ndiye ndibwera mawa ndi mankhwala. Ndipala potsamira pokhapo, mwaona, pamene pali mizere."

Mayi a Matikiti anadzutsa mutu. "Pokhapo bwanji?"

"Poti ndi pamene pali..."

"Yonse. Zobiriwirazi si za mwamuna wanga. Ndikufuna thabwa limene ankakhalira, mmene analisiyira. Potsamira, pokhalira, pamwamba ndi pansi pomwe. Mupale pakhonde pano, ine ndikuona."

"Pansi palibe woona, mayi. Penti imateteza ku chinyezi."

"Ngati palibe woona, munapentapo chifukwa chiyani?"

Kwa aneba wailesi inkalira chapansipansi.

A Chibakera anaika kapu pansi mosamala. "Akakana musadandaule, mayi, ndipala ndine. Manja ndili nawo." Anawayang'ana a Mizere, diso limodzi litatsinzina pang'ono. "Masiku atatu chitseko chotseka, Mizere. Mpando umodzi. Penti katatu. Ine chaka cha madzi ndinali kale pageti, ukukumbukira? Ndinkaona olowa ndi otuluka. Thabwa ndi lokhulupirika kuposa anthu, limasunga zonse."

"Mukunena chiyani, a Chibakera?" nesi anafunsa.

"Ine? Ndikuyamikira thabwa."

Mayi a Matikiti anagwira dzanja la mwana wawo n'kuima. Anaoneka otopa, otopa kwambiri, ngati munthu amene wang'amba matikiti a bwalo lodzaza.

"A Mizere, ndakudikiritsani zaka ziwiri, ndikudziwa. Sikunali kukuzunzani. Ndinkaopa kuti ndikakulolani ndiye kuti ndawataya a Belu. Mawu mwanena aja, oti udzakhale pabalaza pathu, ndawamva. Akadali m'khutu muno." Anapuma. "Ndiye tichite chonchi. Mawa mubwere ndi mankhwala anuwo. Thabwa la mwamuna wanga likaoneka lonse mmene linalili, yankho lanu ndikupatsani mawa lomwelo, osadikira konsati. Ndipo mukulidziwa yankholo, musandinenetse pamaso pa mwana."

"Amayi!"

"Khala chete, ndikulankhula. Koma mukapanda kubwera, kapena mukasiya kachigamba kobiriwira ngakhale kangati chikhadabo, ndidziwa kuti munafuta dala. Tiyi wanu musadzabweretsenso."

Nesi ananyamula mpando uja n'kulowa nawo m'nyumba. Anaunyamula chopendeka, pansi pake pakuwala ndi dzuwa, pobiriwira, posalala. Chitseko chinatsekeka. Kiyi analira.

A Mizere anatola chipewa, anapinda nsalu yoyera ija n'kuiika m'wilibala. Zaka ziwiri akudikira mawu amenewo. Mankhwala ochotsera penti analipo, chitini chodzaza, pa shelefu yachiwiri. Amphamvu, oti sasankha. Amadya penti, amadya phula, amasiya thabwa lili mbee ndi zonse zimene mpeni unalembapo.

Anagwira zogwirira wilibala n'kuyamba kutsika. Asanafike pa mphambano anamva mapazi kumbuyo, osafulumira, a munthu amene alibe nkhawa. Kenako mluzu. A Chibakera ankayimba mluzu bwino kuyambira kale, mano a kutsogolo atachoka.

Inali nyimbo ya Kanjiwa.